Akubwera ndi Lamba

Nélida Bustos ananyamuka mochedwa Lachisanu lija. Ankafuna kukayesa galimoto dzuwa likadali pamutu, koma bawuti imodzi ya pampu ya madzi inachita makani masana onse. Pamene ankatseka boneti n'kuti mithunzi ya mapiri itagwera kale m'misewu ya Alta Gracia, ndipo kamphepo ka mwezi wa Julaye kanali katayamba kuluma makutu.

Nélida anali dokotala wa mano wopuma ntchito, mayi wa zidzukulu, ndiponso mkazi yekhayo m'kalabu yathu ya magalimoto akale amene anali ndi galimoto yakeyake. Kanali kagalimoto kobiriwira ka mipando iwiri, kopanda denga, kakale kuposa ana ake onse. Anakagula kali chiphapha, nkhuku zikuikira mazira pampando, n'kukadzutsa yekha pang'onopang'ono. Chaka chathacho kanamuchititsa manyazi: kanazima pabwalo penipeni kalabu ikunyamuka, azibambo n'kukakankha akuseka, ndipo chithunzi chake chinayenda m'mafoni mwathu kwa miyezi. Mawa lake kunali msonkhano wina wa eni magalimoto ku Mina Clavero, kutsidya kwa mapiri. Nélida analumbira kuti akafika ndi matayala ake.

Akusamba m'manja, foni inalira. Anali Don Ambrosio Ceballos, wapampando wa kalabu.

"Adokotala, kamwana kanu ka matayala anayi kaja kaleka kukodza pansi?"

"Kaleka."

"Mundimvere ine ngati mkulu wanu. Mkamwini wanga ali ndi lole. Tikakweze pamenepo, inu mukhale kutsogolo ndi mayi akunyumba muzimwa tiyi wotentha wa masamba a mate. Kuphiri kuja si kosewerako."

"Don Ambrosio, m'kamwa mwanumo ndinazulamo mano inu mukuitana amayi anu. Pakati pa inu ndi ine, wodziwa kugwira pulayala ndani?"

Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola. "Makani amenewo adzakugonekani panjira."

"Tionana pabwalo," anatero Nélida, n'kudula foni.

Anasankha msewu wakale wa kumapiri chifukwa ndi wa zitunda ndipo sudutsa anthu. Injini ikapirira pamenepo, ndiye kuti ipirira paliponse. Anadutsa nyumba zomaliza, anadutsa kagalaja ka Fulgencio wokonza mathirakitala, anawoloka mlatho wopapatiza wa pachigwembe, nayamba kukwera. Injini inkalira bwino ngati ikuimba. Nélida anamwetulira yekha.

Kenako, phwa! Kanyali kofiira kanayaka patsogolo pake. Muvi wa kutentha unayamba kukwera. Anakhotera pambali n'kuzimitsa msanga.

Atatsegula boneti anapeza lamba wa fani ali lende, ataduka pakati. Anali lamba wakale amene anamubwezera masanawo poona kuti akuoneka wabwinobwino. Wapadera analibe. Anatukwana mawu amene zidzukulu zake sizinawamvepo. Foni inalibe netiweki, ndipo chifunga chinali chikutsika m'phirimo, kumeza miyala ndi udzu.

Sanakhale pansi kuti aganize. Anapinda lamba wodukayo m'thumba, anatenga tochi, nayamba kutsika wapansi kulowera kwa Fulgencio.

Mdima unagwa msanga. Tochi inkangounikira utsi woyera ndi mphepete mwa phula. Nsapato zake zokha ndi zimene zinkamveka. Atayandikira chigwembe anamva mtsinje ukusokosera pansi, ndipo pamwamba pa phokoso la madzilo panali kaphokoso kena.

Ngwe... ngwe... ngwe...

Chitsulo pa chitsulo.

Anaima. Kaphokosoko kanapitirira, kosafulumira, kosatopa. Anakweza tochi.

Pakati pa mlatho panali munthu atakhala pansi, msana atatsamiza pa zitsulo zam'mbali, akugogoda ndi sipanala. Anali bambo wowonda, wa ndevu zapamlomo. Anavala jekete lachikopa lokhala ndi chizindikiro cha kalabu yathu pachifuwa, koma chosokedwa mwa mtundu umene Nélida anali asanauonepo. Manja ake anali bii ndi oilo. Tsitsi lake linali mbuu.

"Adutsa?" anafunsa bamboyo osadzutsa mutu.

"Ndani, bambo?"

"Anyamata. Akubwera ndi lamba."

Mtima wa Nélida unakhala m'malo pang'ono. "Nanunso waduka? Galimoto yanu ili pati?"

Bamboyo analoza ndi sipanala kutsidya kwa mlatho. Nélida anaunika. Panali udzu wouma ndi miyala basi.

"Khalani pansi," anatero bamboyo. "Sachedwa. Ambrosio wanena yekha."

Dzinalo linamuwiritsa magazi. Ndiye kuti mkulu uja watuma munthu kuti adzamuseke panjira? Anayandikira kuti amuone nkhope bwinobwino wotumidwayo, mawu ali kale pamlomo. Mpweya wake unkatuluka ngati utsi m'kuwala kwa tochi.

Wa bamboyo sunkatuluka.

Zoyera zam'mutu zija sizinali imvi. Chinali chisanu. Chinali m'nsidze, m'ndevu, ngakhale m'zikope... ndipo sichinkasungunuka.

"Khalani," anateronso. "Mukayenda muphonyana nawo. Tidikire limodzi."

Nélida anaponda kutsogolo. Mwendo unalemera. Anapondanso. Unalemera kwambiri. Kuzizira kuja kunachoka mwadzidzidzi, m'malo mwake m'thupi munalowa kutentha kokoma ngati kwa bulangete m'mawa. Zikope zinalemera. Bwanji osapuma pang'ono? Mwina akubweradi. Maondo anayamba kupinda okha. Dzanja lake linagwira phula...

Anadziluma mlomo mpaka magazi.

"Ayi!" Mawu ake anabwerera kuchokera m'chigwembe. Anadzuka akudzandira. "Ine sindidikira munthu. Ndinadikirapo mwamuna mmodzi theka la moyo wanga, zinandikwana. Dikirani nokha!"

Anayenda. Sanathamange, ngakhale miyendo inkafuna. Anakana kuti chinthucho chimuone akuthawa. Kumbuyo kwake kaphokoso kaja kanayambiranso.

Ngwe... ngwe...

Kwa Fulgencio nyali inali ikuyaka, wailesi ikuulutsa mpira. Mwini wake, kamdala kafupi ka chipewa chaubweya, anatsegula chitseko ali ndi foloko m'manja. Anamuyang'ana Nélida kuyambira kumapazi.

"Adokotala? Mwayenda pansi? Kuchokera kumtunda?"

"Lamba waduka. Ndipezereni wofanana ndi uyu."

"Ndiye kuti mwadutsa pamlatho."

"Ndilibe mapiko, Fulgencio."

Mdalayo anadzilemba chizindikiro cha mtanda ndi foloko yomweyo. Anatenga lamba wodukayo n'kuyamba kumuyerekeza ndi malamba amene anapachikika pamisomali kukhoma. Anapeza wina wa pampu yothirira mbewu, wautali wofanana.

"Uyu akufikitsani. Koma gonani konkuno. Mayi akuyalirani, pali supu wa chimanga pamoto. Kukacha ndikuperekezani ndekha."

"Kukacha ndiyenera kukhala pabwalo, galimoto ikulira."

"Pikapu yanga siwoloka pamenepo kukada, ngakhale mutandilonjeza ng'ombe."

"Ndapempha pikapu ngati?"

Fulgencio anamupatsa lambayo. "Mwaonako chiyani?"

"Munthu wozizidwa."

"Adokotala, munthu ameneyo..."

"Musandiuze." Nélida anakweza dzanja. Ankadziwa kuti akamva, miyendo yake sivomeranso kubwerera. "Mudzandiuze tsiku lina, masana."

"Chabwino. Koma akakulankhulani musamuyankhe."

"Ndamuyankha kale."

Anakoleka lamba watsopanoyo paphewa ngati chikwama, n'kutuluka. Fulgencio anaima pakhomo akumuitana mpaka chifunga chinawalekanitsa.

Ulendo uno chitunda chinali chomutsutsa. Ankapuma movutika, mlomo ukuwawa pamene anadziluma. Atafika pamlatho anaunika uku ndi uku. Panalibe munthu. Panalibe phokoso. Ngakhale mtsinje unali zii.

Analowa. Phazi limodzi. Linzake. Anafika pakati.

"Mwabwera naye."

Mawuwo anali pakhutu penipeni!

Lamba anakokedwa chakumbuyo. Nélida anatembenuka n'kumugwira ndi manja awiri, tochi n'kugwa pansi. Kuwala kwake kunagona paphula, kukuunikira nsapato zakale za bamboyo. Zala zakuda zija zinali zitagwira mbali inayo ya lamba, ndipo kuzizira kwake kunkayenda m'labalamo kufika m'mikono ya Nélida.

"Ndadikira nthawi yaitali," anatero bamboyo. Mawu ake sanali aukali. Anali a munthu wotopa.

"Ndikuona. Koma uyu ndi wanga. Ndamuyendera ndi miyendo yanga."

"Anati akubwera..."

"Ndiye akubweretsereni amene anakulonjezaniwo! Siyani!"

Anakoka ndi mphamvu imene ankazulira nayo mano okakamira. Lamba anamasuka mwadzidzidzi, iye n'kugwa chagada. Anadzuka, anatola tochi, nayamba kukwera. Kumbuyo kwake kunamveka mapazi. Iye akaima, nawonso ankaima.

Sanacheuke.

Anapeza kagalimoto kake kali poti anakasiya, magalasi atachita chisanu. Anatsegula boneti, analuma tochi ndi mano, natenga sipanala. Zala zinali zitauma. Anamasula bawuti yoyamba. Yachiwiri inakana. Mapazi aja anafika n'kuima kumsana kwake, pafupi kwambiri moti khosi lake linachita dzanzi.

Tochi inayamba kufooka. Inafiira. Inazima.

"Zimitsani zonse ngati mukufuna," anatero Nélida atalavula tochiyo. "Moyo wanga wonse ndagwira ntchito m'mabowo amdima."

Anapapasa. Anapeza bawuti ija, anaikapo sipanala, n'kuigunda ndi chikhatho. Inavomera. Anakoleka lamba pagudumu lam'munsi, kenako pa la pampu, n'kumukankha ndi chala chachikulu mpaka analowa. Khungu linasupuka, koma sanamve. Anakunga, anamanga, anayesa ndi chala. Madzi a m'fulasiki amene anatengera tiyi anawathira onse muladiyeta.

Analowa m'galimoto n'kupotokola kiyi.

Injini inabuula. Inaleka.

Anapotokolanso. Inabuula... inatsokomola...

"Dzuka, iwe! Usandichititse manyazi pamaso pa alendo!"

Vuuu! Inalira, phiri lonse n'kuyankha. Nélida anayatsa nyali, anatembenuza galimoto, nalunjika kumunsi.

Bambo uja anali ataima pakati pa mlatho, manja ali m'mbali. Malo omulambalala panalibe. Nélida analiza hutala. Sanasunthe. Analizanso.

"Chokani! Sindiima!"

Sanaime. Analuma mano, manja ali gwa pachiwongolero, akudikira kugunda. Sikunamveke kanthu. Mphepo yozizira yokha inamudutsa pankhope, matayala n'kuponda tsidya lina.

Ndiye mawu anamveka pampando wapambali pake, otsika, ngati a munthu amene akugona.

"Mukawauze kuti Ovidio akadali pano."

Anacheuka. Mpandowo unali wopanda munthu. Chikopa chake chinali mbuu ndi chisanu.

Kutacha tonse tinali pabwalo la tchalitchi. Monga mwa chaka chilichonse, theka la magalimoto linali ndi maboneti m'mwamba. Wina ankamanga paipi ndi waya, wina ankapempha batire, wina anali chogona pansi pa galimoto miyendo yokha ikuoneka, mkazi wake akumupatsira tiyi pansi pomwepo. Kagalimoto kobiriwira kanalowa kakulira bwinobwino, kali ndi fumbi mpaka pagalasi. Nélida anatsika, mlomo uli wotupa, chala chitamangidwa nsanza.

Don Ambrosio anatambasula manja. "Taonani, anyamata, kafika kokha! Adokotala, mwamenyana ndi ndani usiku?"

Anthu anaseka. Nélida sanaseke.

"Ndili ndi uthenga wanu, Don Ambrosio. Ovidio akuti akadali pamlatho. Akudikira lamba."

Achinyamatafe tinayang'anana, osamva kanthu. Koma akuluakulu onse analizindikira dzinalo. Mmodzi anavula chipewa. Don Ambrosio anagwira denga la galimoto yoyandikana naye ngati nthaka yasuntha.

"Wakuuzani dzina limenelo ndani?"

"Mwini wake. Wowonda, wa ndevu zapamlomo, jekete la kalabu. Akuti munanena nokha kuti simuchedwa."

Mkuluyo anakhala pa bampala. Atayamba kulankhula, ankayang'ana pansi.

"Ovidio Luján. Tinayambitsa naye kalabu ino. Tinali pa ulendo ngati uno, tinanyamuka masana, pa msewu wakale. Lamba wake anaduka pamlatho paja. Anafuna kutsika wapansi kuti akafune wina, ine ndinamuletsa. Ndinati usasiye galimoto yokha, khala pompano, tikafika tikutumizira munthu." Anapukuta kumaso. "Titafika kunali nyama pamoto, kunali vinyo. Ine ndinkayesa wapita uje, uje ankayesa ndapita ine. Usiku kunagwa chipale chofewa, msewu n'kutsekeka. Tinamupeza m'mawa atakhala pansi, sipanala ili m'manja."

"Liti?" anafunsa Nélida.

"Kale, adokotala. Mwana wanga wamkulu, amene pano ali ndi imvi, anali akuyamwa. Ovidio anamwalira kalekale. Chiyambire sitinadutsenso msewu umenewo."

Pabwalo ponse panalibe wogogoda chitsulo. Nélida anamuyang'ana mkuluyo m'maso. Kenako anafunsa.

"Muli ndi lamba wapadera?"

"Ndimayenda nawo nthawi zonse."

"Katengeni."

"Adokotala, anthu akutidikira ku Mina Clavero, chakudya..."

"Adikire. Katengeni lamba, mukwere umu."

"Ndimadwala mtima, simukudziwa kodi?"

"Ine ndawoloka pamenepo usiku, ndekha, ndi wapansi. Inu muwoloka masana, mutakhala pampando. Kwerani."

Palibe anamuikira kumbuyo. Don Ambrosio anatsegula buti ya galimoto yake, anatulutsa lamba akadali m'pepala lake, napereka makiyi kwa mkamwini wake. Anadzipinda n'kulowa m'kagalimoto kobiriwira, maondo atafika pachibwano.

Pamphambano, pamene kalabu inkakhotera kumanja kulowa msewu watsopano, Nélida anakhotera kumanzere. Galimoto yotsatira inazengereza, kenako inamutsata. Tonse tinatsata, mndandanda wautali wa magalimoto owala ukukwera pang'onopang'ono. Fulgencio anaima pakhomo pa galaja yake kukamwa kuli yasa.

Pamlatho dzuwa linali likuwala, mtsinje ukuyenda ngati mtsinje uliwonse. Nélida anaima pakati penipeni. Don Ambrosio anasuzumira kunja osatsegula chitseko.

"Ndingomuponya pazitsulopo, tizipita?"

Nélida anazimitsa injini, anazula kiyi n'kuika m'thumba.

"Si galu woti mumuponyere. Tsikani. Mumuitane dzina."

Kumbuyo kwawo injini zinayamba kuzima, imodzi ndi imodzi, mpaka phiri lonse linakhala chete. Mkuluyo anatsika movutika. Anayenda mpaka pazitsulo, lamba atamunyamula ndi manja awiri. Anagwada pansi.

"Ovidio," anatero. "Ndine Ambrosio, m'bale wanga. Ndabwera naye. Ndachedwa."